Mbali Imene Achimwene Sanapale

4 Meyi

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko, inu, alamu ndi amayi? Mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino. Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Mukudziwa kuti pafoni mawu amandithawa, ndipo inu mumafuula ngati muli padenga. Ndapatsira adalaiva a lole aja amadzatenga matabwa kwanu.

Ku saluni kuno ntchito yanga ikadali yomwe ija: kusesa tsitsi, kuchapa matawulo, kutsuka mitu. Koma sabata yatha kunabwera mayi wina wofulumira, oluka onse ali ndi anthu. Madamu, eni saluni, anati ndingomuyambako. Ine ndinamumaliza. Madamu anauzungulira mutuwo akuuyang'anitsitsa. Poweruka anandiitana.

“Iwe, manja amenewa unkawabisa kuti?”

Ine ndinayang'ana pansi, monga mukundidziwira.

Ndiye akuti pakona pafupi ndi zenera pali malo a woluka mmodzi. Mpando ulipo, galasi palibe. Ndikabweretsa galasi langa mwezi wa Juni usanathe, malowo ndi anga. Ndikalephera abwera mwana wa achemwali awo, amene bambo ake adzamugulira la m'sitolo. Achimwene, mpandowo ndikuufuna. Sindinafunepo chinthu chonchi.

Galasi lenilenilo ndapeza kale. Eni nyumba imene ndikukhala anataya wadiropu yodyedwa ndi chiswe, ine ndinazulamo galasi lake. Lilibe mng'alu. Ndalifunditsa bulangeti, ineyo ndikufunda nsalu. Chatsala ndi felemu.

Mu saluni muno mashelefu ndi mafelemu onse ndi a matabwa akale, otuwa, a mabowo a misomali. Madamu akufuna langa lifanane ndi amenewo. Ndiye ndikupempha chitseko chakale chija anakhoma malemu bambo, chimene munafunditsa pa khola la nkhuku. Mundidulireko matabwa anayi. M'kalatamu muli zingwe ziwiri: chachitali ndi kutalika kwa galasi, chachifupi ndi m'lifupi mwake. Thabwa la kabowo lija lisatsale.

Musavutike ndi kupala kapena kupaka.

Ine mlongo wanu,
amene mumati Namanyazi


13 Meyi

Mlongo wanga Namanyazi,

Tonse tili bwino. Mwendo wa amayi umangotupa munthu akatchula zochapa.

Kalata yako ndinawawerengera amayi. Anagwira pakamwa. Akuti, “Mwana wanga wafika popempha denga la nkhuku?” Akufunsa ngati ukudya. Akufunsanso kuti galasi lalitali ngati chingwe ichi n'lachiyani, kapena pali wina wayamba kukuyang'ana? Ndawafotokozera za mpando. Akuti, “Ee, mpando. Wodzakhalapo ndani?”

Madamu akowo ndawamvera chisoni. Munthu wa saluni yathunthu kulephera kugula vanishi! Amene anawakhomera mashelefuwo si kalipentala, ndi wakuba. Uwauze kuti ndatero ndine.

Tsono za “musavutike” wakoyo. Ameneyo ndimamudziwa kuyambira uli kamwana. Unkati musavutike mbale ili mbee, m'mimba mukulira. Tsiku lija unaponda msomali unatinso musavutike, mpaka phazi linakhala ngati dzungu. Ndiye ndivutika basi. Mlongo wa kalipentala sangapachike zinyalala pakhoma anthu akuona. Akadzafunsa kuti anadula ndani, udzatchula ndani?

Chitseko ndachitsitsa kale. Nkhuku zadandaula, koma sizilipira lendi. Ukapeza mpata unditumizire sandipepa wosalala, kuno akupezeka wokhakhala yekha.

Achimwene ako


16 Meyi

Achimwene,

Moni nonse. Ndalemba mothamanga, lole ikulira panja.

Chonde, chonde, MUSAPALE. Si manyazi ayi. Matabwawo akufunika akale momwemo, ndi kutuwa kwake, ndi mabowo ake. Madamu si osauka. Akuti matabwa oterewa anawagula modula kuposa atsopano. Inenso poyamba ndinkaseka, koma ukazolowera amakongola, amakhala ngati nkhope ya munthu wamkulu. Sandipepa sinditumiza.

Amayi muwauze kuti ndikudya, ndipo palibe aliyense.

Namanyazi


27 Meyi

Mlongo wanga,

Landira katundu wako. Umasule bwinobwino, usakoke nyuzipepala mwamphamvu.

Sandipepa sunatumize, ndinachita kubwereka kwa mnzanga wokhoma mabokosi a maliro. Ndikuuze, thabwa la bambo lija ndi thabwa! Nditangopala pang'ono linatuluka lofiira ngati ladulidwa dzulo. Ndinapala mpaka thukuta linalowa m'maso. Mabowo onse a misomali ndatseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Chibowo chachikulu chija unkasuzumirapo alendo akabwera chinandivuta, koma nachonso ndachitseka, sungachipeze ngakhale ndi nyali. Vanishi ndapaka kangapo, kudikira aume, kupakanso. Makona ndadula mopendekera, ungolumikiza.

Alamu ako akuti galasi n'losafunikanso, anthu azingodziyang'anira pa felemu. Amayi anadziona pa thabwa lina, anakonza mpango. Pa ntchito zonse ndagwirapo, iyi ndiye ntchito.

Madamu ako akaona, uwauze kuti mashelefu aja ndikhoza kuwapulumutsa.

Achimwene ako

Ndinaiwala: adalaiva angondipatsa kalata yako ina pompano. Akuti inagwera kuseri kwa mpando wa lole, yadzaza mafuta. Ndiwerenga ndikasamba, m'manja muli vanishi.


1 Juni

Achimwene,

Moni nonse. Katundu wafika bwino, palibe chokalika. Matabwa akuwala kwambiri. Mwavutika. Zikomo.

Namanyazi


1 Juni

Alamu anga,

Kalata iyi ndi yanu nokha. Ndawauza adalaiva akupatseni m'manja, achimwene asakuoneni.

Muli bwanji? Ine sindili bwino kwenikweni. Alamu, ndatha. Nditamasula nyuzipepala ndinaona nkhope yanga pa thabwa, ikundiyang'ana pakamwa pali yasa. Ndinakhala pabedi nthawi yaitali. Kenaka ndinati mwina Madamu alola. M'mawa ndinanyamula thabwa limodzi lalifupi m'chikwama.

Madamu anali pa kauntala akumwa tiyi. Ndinalitulutsa. Analigwira ndi zala ziwiri.

“Wamwalira ndani?”

“Palibe, Madamu.”

“Nanga chidutswa cha bokosi ukuyenda nacho bwanji?”

Oluka onse anaphulika. Wamtali uja, amene amatafuna chingamu tsiku lonse, anati, “Makasitomala azibwera ndi nkhata za maluwa!” Ngakhale mayi amene anali m'chowumitsira tsitsi anatulutsa mutu kuti amve. Ine ndinatenga tsache n'kumasesa pamalo posesa kale.

Pambuyo pake Madamu anandipeza kotsukira mitu. Sanakwiye. Anati, “Ntchito ndi yabwino, mwana wanga, koma si ya khoma langa. Mwezi wa Juni ukadalipo wonse. Yesa kwina.” Mwana wa achemwali awo uja anabwera dzana kudzaona malo. Anakhala pa mpando n'kumauzunguza. Zikhadabo zake ndi zazitali ngati mafoloko, sindikudziwa kuti aziluka bwanji.

Wosoka nsapato amene amakhala pakhonde la saluni, mdala wa mano awiri, akuti matabwa atsopano amawakalambitsa powakwapula ndi tcheni n'kuwasiya padzuwa. Anandibwereka tcheni cha njinga. Ndinafika nacho kunyumba, ndinachikweza m'mwamba, dzanja linakana. Ndinkangoona achimwene thukuta lili m'maso. Matabwawo ndawaimika pakona, ndawafunditsa kuti asamandiyang'ane.

Kodi chitseko chija chinatsalako? Ngati chilipo, mundibereko osawauza. Kalata ya mafuta ija anawerenga? Anati bwanji?

Mlamu wanu


9 Juni

Mlamu wanga wokondedwa,

Tili bwino. Ndinawerengera kalata yako kuseri kwa bafa ngati ya chibwenzi. Pa “wamwalira ndani” ndinaseka mpaka amayi anafunsa ngati ndagwa. Pepa, koma ndinaseka.

Nkhani yoipa ndiyambe nayo. Zotsala za chitseko ndinasonkhezera moto ineyo. Zinayaka bwino. Ndikanadziwa kuti ndikuphikira zinthu zodula, ndikanaitana aneba adzaone.

Kalata ya mafuta anawerenga. Anaiwerenga ataima, kenaka atakhala. Anati, “Anthu a m'tauni ndi amisala,” n'kupita kushedi. Kumeneko kunali zii tsiku lonse, hamala osamveka. Kalata yako ya “mwavutika, zikomo” itafika, ndiye inawamaliza. Akuti, “Mwana uyu akalemba mizere itatu ndiye kuti akulira.” Dzulo ndinawapeza akuizungulira benchi yakale ya amayi ndi tepi yoyezera. Amayi anakhalapo dala mpaka dzuwa kulowa.

Kukulembera akulephera, akuti ayambire pati. Inu a m'nyumba imeneyi ndinu amodzi, kungoti wina amabisala kuseri kwa chitseko, wina kuseri kwa phokoso.

Koma chimene chimandiseketsa ine ndi kudzitama kwawoko. “Ndinapala mpaka thukuta!” Amuna angawa amapala poona maso pokha. Tebulo lathu lija pamwamba pake ntchentche imaterereka, koma kunsi kwake kwandithera madiresi awiri. Ndikadandaula amati, “Kunsi kumaona ndani? Mphaka?” Kabati nayonso, kumbuyo kwake ngati khungwa. Akuti vanishi sapakira khoma.

Amayi amva za wosoka nsapato, sindikudziwa bwanji. Akufunsa ngati mano awiriwo ndi otsala kapena osowa, chifukwa ngati ndi osowa palibe vuto.

Ukabwera undiluke, mutu wanga wasanduka chisa. Limba mtima. Ndipo uwalembere achimwene ako zoona, sadzafa.

Alamu ako


22 Juni

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji nonse? Kalata iyi ndi yaitali, mukhale pansi. Ndinena zonse, ndipo “musavutike” mulibemo.

Matabwa munatumiza aja ndi okongola, koma si amene ndinapempha. Madamu anawakana. Ndinalira. Sindinakuuzeni chifukwa ndinaona mmene munavutikira.

Kenaka alamu anandilembera nkhani zina, n'kutchulamo tebulo lanu limene limawang'ambira madiresi. Musawakalipire, iwo ankangodandaula. Ine nditawerenga pamenepo ndinadzuka, kuvundukula matabwa aja, n'kuwatembenuza. Achimwene! Kumbuyo kwake ndinakuona tsiku loyamba lomwe, koma m'mutu mwanga kumbuyo kunali kumbuyo basi. Kotuwa, kokhakhala, mizere ya dzimbiri pamene panali mahinjesi, mabowo a misomali ali mbuu. Simunakukhudze n'komwe. Ndinawayala pansi anayi onse chafufumimba, makona anu anakumana bwinobwino ngati munadziwa.

Ndinawatsuka ndi bulashi yochapira, chifukwa nkhuku zinasiyapo moni wambiri. Ndinawaumika pamthunzi. Wosoka nsapato anandibwereka hamala, ndipo anandidulira timalata tinayi tolumikizira makona. Guluu ankakana kugwira pa vanishi wanu, ndiye ndinakanda pang'ono m'makona ndi mpeni. Pepani. Ndinkakanda ndikupepesa. Galasi ndinaligoneka kumbuyo kwa felemu, pamwamba pake katoni yolimba, n'kulipanikiza ndi timatabwa ta bokosi la sopo. Msomali wina unapinda, chala changa chachikulu chada bii. Waya wopachikira ndinamupota kawiri.

Chomaliza chinali chibowo chija. Kumbuyoku chinkaoneka, utuchi wanu uli m'kati ngati chitsekerero. Ndinaika chogwirira cha supuni, kugogoda kamodzi, chinatuluka chonse chathunthu. Ndachiika m'kalatamu, ndi chanu.

Mukudziwa mbali imene munasiya? Ndi ya m'kati, imene ndinkaimako. Pamwamba pa bowo pali malo akuda osalala, pamene ndinkatsamiritsa chipumi. M'munsi mwake muli timizere tokanda ndi msomali. Ndinali nditaiwala. Alendo akachedwa kupita, ndinkajambula malukidwe a tsitsi la azimayi amene ndinkawasuzumira. Mvula ndi nkhuku sizinafafanize.

Ndinalinyamula pamutu mpaka ku saluni, litakulungidwa m'bulangeti. Madamu anati, “Ngati ndi maliro aja, ubwerere pakhomo pomwepo.” Ndinavundukula. Wachingamu anasiya kutafuna. Madamu anayendetsa dzanja pa thabwa, analowetsa chala pabowo.

“Awa ndiye matabwa. Wawapeza kuti?”

“Ndi omwe aja, Madamu.”

Analiyang'ana kumbuyo, kuwala kunawamenya m'maso. Anaseka mpaka anakhala pa mpando wa kasitomala. Atapuma analoza timizere tija.

“Nanga izi analemba ndani?”

Saluni yonse inali ikundiyang'ana. Pansi panali pomwepo, achimwene, pondidikira kuti ndiyang'anepo monga mwa masiku onse. Koma ndinali nditagwira galasi, ndipo ndinawaona onse m'galasimo, osati pamaso. Ndiye ndinawauza. Za chitseko, za alendo, za bambo mmene ankagogodera n'kunena kuti, “Eni nyumba, tulukani, adani apita.” Ndinalankhula mpaka ndinadabwa kuti mawuwo akuchokera kuti. Wachingamu anati, “Kani uli ndi lilime!”

Madamu anatenga hamala okha n'kukhoma msomali pakona. Mwana wa achemwali awo amuika pa kauntala, kumene zikhadabo zake zikugwira ntchito yoloza mitengo.

Mpando ndi wanga. Ndayamba Lolemba. Ndapeza kuti woluka amaima kumbuyo kwa munthu, ndipo mumaonana m'galasi mokha. Kumeneko ndimatha kucheza. Chipeso changa chamchira ndimachisomeka pabowo paja. Aliyense wokhala pa mpando amafunsa za bowolo, ine ndimafotokoza, mutu n'kutha osadziwa.

Chimodzi chokha chikundiwawa. Ntchito yanu yonse yayang'ana kukhoma. Ndikafika m'mawa ndimalowetsa dzanja kuseri n'kuisisita. Ndi yosalala kwambiri. Musandikwiyire.

Amayi muwauze kuti mano awiriwo ndi otsala.

Ine mlongo wanu,
woluka wa pakona


30 Juni

Mlongo wanga,

Tili bwino. Kalata yako ndawerenga ndekha, kenaka alamu ako anandilanda n'kuwerengera aliyense wodutsa pamsewu.

Ndiye ukundiuza kuti ntchito imene ndinagwira yakanidwa, imene sindinagwire ndiye yapambana. Chabwino. Kuyambira lero ndizilipiritsa anthu pogona. Mnzanga wa mabokosi uja ndamuuza zimene ananena Madamu ako. Iye wasangalala, akuti mayi ameneyo amadziwa zinthu zabwino.

Sindinakwiye. Unati musavutike, ine ndinamva zanga. Koma nawenso, mawu amodzi omwewo ukufuna azitanthauza “ee” zaka zonsezi, kenaka tsiku limodzi atanthauze “ayi”? Uzilemba ngati kalata yomalizayi. Ndinaimva bwino, ngakhale inandithera tiyi awiri.

Timizere tako ndinationa pamene ndinkasankha mbali yopala. Ndinati uku kwakandikakandika, kundithera mpeni wa puleni. Alamu ako akuti ndi ulesi. Ine ndikuti ndi nzeru. Usalowerere.

Za khoma usadandaule. Khoma limenelo ndi lamwayi, palibe lina m'tauni monse limene likuona ntchito yotero. Chitsekerero chija ndachiika pashelefu. Wina akakayika ngati ndimatha kutseka bowo, ndizimuonetsa.

Amayi akhumudwa ndi nkhani ya mano, koma akuti abwera kudzakhala pa mpandowo, aone okha ngati ulipodi. Alamu ako akubwera ndi chisa chawo. Kunsi kwa tebulo ndapala dzulo, usawauze kuti ndakuuza. Nkhuku ndazifolera lata, zikuti n'laphokoso.

Tikwera lole Loweruka, tonse atatu. Ine ndikufuna ndidzalitembenuze galasilo kamodzi kokha, Madamu ako aone bwino ine ndilipo.

Ukamva tikugogoda utuluke, alendo ake ndife. Pobisala ulibenso. Chitseko unachipachika wekha pakhoma.

Achimwene ako